Tilipo Angati? Za Kalembera, Kukula kwa Lilongwe ndi Chisankho



Kutamandidwa konse n'kwa Allah, amene amadziwa chiwerengero cha zolengedwa zake popanda kufunsa munthu. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, pa akubanja lake ndi pa maswahaba ake onse.

Mashehe athu, mafumu, amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata: nyengo ya chisankho ndi nyengo ya manambala. Amene akufuna mavoti athu afika pabwalo natiuza kuti m'dera lino muli anthu akutiakuti, kuti mumzinda wa Lilongwe tsopano muli mamiliyoni akutiakuti, kuti ife Asilamu tilipo ochuluka mwakuti. Ife timaomba m'manja, makamaka pamene nambalayo yatikomera. Lero ndafuna kuti tione pamodzi kumene manambala otere amachokera, mmene amapezekera, ndi pamene amaphonya, kuti pa tsiku la chisankho tisakavote titanyengedwa ndi masamu a papulatifomu.

Ndiyambe ndi zakwathu, pakuti ena amayesa kuti kuwerenga anthu n'chinthu chimene chidabwera ndi Azungu. Imam Bukhari adasunga nkhani yochokera kwa Hudhaifa, Allah asangalale naye, yonena kuti Mtumiki adalamula kuti alembedwe onse amene adali atavomereza Chisilamu, ndipo adapezeka anthu 1,500. Koma pamalo omwewo pali kanenedwe kena kotchula 500, ndi kenanso kotchula pakati pa 600 ndi 700. Kodi wina adanama? Maulama amene adasanthula nkhaniyi sadaganize choncho. Ena a iwo adati chiwerengero chachikulucho chidaphatikiza amuna, akazi ndi ana, pamene chaching'onocho chidali cha amuna otha kunyamula zida okha. Ena adati china chidali cha a mumzinda wa Madina basi, china chidafika ndi kumidzi yozungulira. Taonani mafunso amene akuluakulu aja adafunsa asanakhulupirire kapena kukana nambala: adawerengedwa ndani, liti, ndipo malire adathera pati? Mafunso omwewa ndiwo tiyende nawo lero.

Kalembera wa anthu m'dziko muno amachitidwa ndi ofesi ya boma yoona za ziwerengero, National Statistical Office, imene likulu lake lili ku Zomba. Chilandirireni ufulu wodzilamulira, tawerengedwa kasanu ndi kamodzi: mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Mu 1966 tidali anthu opitirira pang'ono 4 miliyoni. Mu Sepitembala 2018 adatipeza tili 17,563,749, ndipo oposa theka adali ana osafika zaka 18. Boma la Mangochi lokha lidali ndi anthu 1,148,611, kuchokera pa osakwana 800,000 zaka khumi m'mbuyo mwake.

Tsono tiyeni tione Lilongwe, mzinda umene wameza ana athu ambiri. Palibe mzikiti kuno kunyanja umene ulibe mnyamata wogulitsa nsomba zouma mumsika wa ku Lilongwe, kapena telala wokhala pakhonde la sitolo ku Kawale, ku Biwi kapena ku Area 25. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo athu akulira kumeneko. Mu 1966 Lilongwe adali ka tauni ka anthu 19,425. Likulu la dziko litasamukirako kuchoka ku Zomba mu 1975, kalembera wa 1977 adapeza anthu 98,718. Mu 1987 adali 223,318, mu 1998 adali 440,471, mu 2008 adali pafupifupi 670,000 napitirira Blantyre koyamba, ndipo mu 2018 adafika 989,318 pamene Blantyre adali ndi 800,264.

Nanga lero alipo angati? Yankho loona n'lakuti palibe amene wawawerenga chiyambire 2018. Nambala iliyonse imene mungaimve ya chaka chino ndi yoyerekeza, ndipo kuyerekeza kuli ndi njira zake zimene aliyense wa ife angathe kuzitsata ndi pensulo.

Njira yoyamba ndi yoona mmene mzinda udakulira kale n'kuganiza kuti ukukulabe chimodzimodzi. Pakati pa 2008 ndi 2018 Lilongwe adaonjezera anthu pafupifupi 320,000, ndiye kuti 32,000 pa chaka. Mukaonjezera 32,000 kasanu ndi kawiri pa chiwerengero cha 2018, mupeza anthu opitirira pang'ono 1.2 miliyoni mu 2025. Koma anthu sachuluka ngati njerwa zosanjikiza. Obadwa nawonso amabereka, ndipo wofika m'tauni amaitana mng'ono wake. Choncho akatswiri amakonda kuwerengera pa 100 aliwonse. M'zaka khumi zija Lilongwe ankaonjezera anthu pafupifupi anayi pa 100 aliwonse chaka ndi chaka, ndipo mukatsata njira imeneyi mufika pafupi ndi 1.3 miliyoni. Njira ziwiri, zonse zolongosoka, zasiyana kale ndi anthu zikwi makumi angapo.

Chofooka cha njirayi n'chakuti dzulo silimanga mawa. Kuchokera mu 1987 kufika mu 1998, Lilongwe adawirikiza pafupifupi kawiri m'zaka 11 zokha. Munthu akadakhala pansi mu 1998 n'kunena kuti liwiro limeneli lipitirira, akadalonjeza kuti pofika 2018 mumzindamu mudzakhala anthu 1.5 miliyoni. Akadaphonya ndi theka la miliyoni, masamu ake ali olondola bwinobwino. Dziko lonse nalo lidaona zotere. Pakati pa 1977 ndi 1987 chiwerengero chathu chinkakwera ndi 3.7 pa 100 pa chaka, koma pakati pa 1987 ndi 1998 chidangokwera ndi 2.0. Akuluakulu muno mukudziwa chimodzi mwa zifukwa zake, pakuti mudawalandira nokha: abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene adafika pafupifupi miliyoni imodzi, nabwerera kwawo mtendere utabwera mu 1992.

Njira yachiwiri ndi imene ife a kunyanja timaidziwa kuposa aphunzitsi a masamu. Palibe amene amawerenga usipa mmodzimmodzi. Umawerenga wa m'kachitini kamodzi, n'kuona zitini zimene zikudzaza ndowa, n'kuwerenga ndowa. Oyerekeza chiwerengero cha mzinda amachitanso motero: amawerenga madenga, masiku ano pogwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, n'kuchulukitsa ndi anthu amene amakhala m'banja limodzi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti banja la m'Malawi limakhala ndi anthu 4.4 tikagawa mofanana. Madenga 2,000 ndiye kuti anthu 8,800. Koma msodzi aliyense amadziwa kuti chitini cha usipa waung'ono sichifanana ndi cha usipa waukulu. Ku Mtandire, ku Mgona kapena ku Chinsapo, denga limodzi lalitali limatha kufunda zitseko zisanu ndi chimodzi, chitseko chilichonse banja lake la lendi. Ku Area 10 denga lalikulu kuposa pamenepo limafunda anthu atatu, ndipo denga lina pambali pake ndi la galimoto. Wowerenga madenga akatenga muyeso wa ku Area 10 kukayesera Mtandire, osauka ndiwo amasowa m'buku.

Pali zizindikiro zinanso zimene anthu amayang'ana: ana olembetsa Sitandade 1, makanda obwera kusikelo, mipopi yatsopano ya madzi. Zonsezi zimathandiza, koma chilichonse chimaona okhawo amene afika pakhomo pake.

Kenaka pali nkhani ya malire, imene ndiyo imakanganitsa anthu koposa. Chiwerengero cha 989,318 ndi cha anthu ogona m'kati mwa malire a khonsolo ya mzinda. Koma mzinda sufunsa mzere wa pamapu pokula. Anthu ambiri agula malo m'madera a mafumu ozungulira, monga kwa Njewa ndi kwa Chitukula, kumene puloti imatsikirako mtengo. M'mawa amakwera minibasi kapena kabaza kulowa m'tauni, amamwa madzi ake, amadzaza zipatala zake, madzulo n'kubwerera. M'buku la kalembera anthu amenewa ndi a kumudzi. Choncho wina akati Lilongwe ali ndi anthu miliyoni imodzi, mnzake nati ayi, ndi oposa pamenepo kwambiri, n'kutheka kuti onse akunena zoona, koma za mizinda iwiri yosiyana yokhala ndi dzina limodzi. Zomwezo muzione pa Mangochi: tauniyo idalembedwa ndi anthu opitirira pang'ono 53,000 mu 2018, koma imani pa mlatho wa Bakili Muluzi m'mawa muone khamu lowoloka Shire kudzagwira ntchito ndi kudzagulitsa malonda.

Mwina wina afunsa: ngati kuyerekeza kuli ndi mavuto otere, kodi kalembera weniweniyo ndiye wangwiro? Ayi. Palibe dziko limene lidawerengapo anthu ake onse osatsalako. Maiko ambiri kalembera akatha amatumizanso gulu lina la olemba m'madera ochepa osankhidwa, kuti akaone amene adadumphidwa. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri ali, kufufuza kotere kudaonetsa kuti kalembera wa 2022 adaphonya anthu pafupifupi 31 pa 100 aliwonse, pamene wa 2011 adaphonya pafupifupi 15. Chiwerengero cha 62 miliyoni chimene adalengeza chidachita kukonzedwa ndi masamu pofuna kubwezeramo osowawo. Dziko limenelo n'lachuma kuposa lathu kutalitali. Ndipo mungaganize nokha ngati mnyamata wathu wokhala ku Johannesburg wopanda mapepala adatsegula chitseko wolemba atagogoda.

Ku Nigeria zidafika poipa chifukwa ziwerengero zidasanduka chida cha ndale. Kalembera wa 1973 adathetsedwa osagwiritsidwa ntchito. Wa 2006 adachotseratu funso la chipembedzo ndi la mtundu poopa mkangano, komabe mkangano udabuka pa mzinda wa Lagos: boma lalikulu lidati kuli anthu pafupifupi 9 miliyoni, boma la chigawo cha Lagos lidati kuli oposa 17 miliyoni. Kuyambira pamenepo dzikolo silidachitenso kalembera wina. Anthu akazolowera kuti mbali iliyonse izibwera ndi nambala yakeyake, pamapeto pake sipakhalanso nambala imene onse angagawanirepo chilichonse.

Kuno kwathu, kodi amene amadumphidwa ndani? Sindikusowa buku kuti ndikuuzeni, pakuti mukuwadziwa. Ndi alovi amene amagona panyanja usiku, masana n'kugona tulo pagombe m'misasa, kwawo kuli kwina; kumudzi amati ali kunyanja, kunyanja amati kwawo n'kumudzi, ndipo mbali zonse ziwiri sawatchula. Ndi khanda la masiku atatu limene silidapatsidwe dzina, mayi naganiza kuti wopanda dzina salembedwa. Ndi ana ogonera kumadrasa. Ndi mtsikana wantchito, ndi mwana wamasiye wa mlongo wanu amene mukumulera koma pofunsidwa za ana mwatchula obereka nokha. Bambo wa mitala amatha kulembedwa kawiri, nyumba iliyonse ikumutchula, kapena osalembedwa konse, nyumba iliyonse ikuyesa kuti inzake yamutchula kale. Palinso mayi amene watsala yekha pakhomo, mwamuna ali ku Joni, ndipo sadafune kukhala pansi ndi mwamuna wachilendo wonyamula tabuleti; manyazi ake ndi oyenera ulemu, koma nyumba yonseyo yasowa m'buku. Pali vuto la zaka: ambiri timangoti makumi atatu, makumi anayi, chifukwa ndi manambala osavuta. Mnyamata wa zaka 17 akalembedwa 20, kapena wa 19 akalembedwa 15, chiwerengero cha oyenera kuvota chimasokonekera.

Mantha enanso tidatengera kwa makolo. M'nthawi ya atsamunda, kuwerenga anthu akuda kunkadalira kwambiri mabuku a msonkho wa nyumba, kotero wobisa nyumba ankapulumutsa ndalama. Agogo athu adali ndi chifukwa chothawira kuthengo. Lero lamulo la ziwerengero limaletsa wolemba kuulula zimene banja lamuuza, ndipo wobisala sapulumutsa kanthu. Amangochepetsa gawo la mudzi wake.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndikudziwa kuti ikuyabwa ambiri. Kalembera wa 2018 adati Asilamu m'dziko muno ndife 13.8 pa 100 aliwonse, anthu opitirira 2.4 miliyoni. Ambiri mwa ife timati n'zochepa, ndipo andale amadziwa kuti timakonda kumva kuti ndife ochuluka kawiri kapena katatu kuposa pamenepo. Maganizo anga ndi awa, ndipo mundikhululukire ngati sakukomerani. N'zotheka ndithu kuti tidachepetsedwako, pa zifukwa zimene ndatchulazi: asodzi, apaulendo ndi alendi a m'tauni ndi ochuluka pakati pathu. Koma makalembera atatu otsatizana, wa 1998, wa 2008 ndi wa 2018, ochitika pansi pa maboma osiyana, woyambawo mtsogoleri wa dziko ali Msilamu, onse adapeza chiwerengero cha pakati pa 12 ndi 14 pa 100. Munthu wokhala ku Mangochi, kumene oposa awiri mwa atatu aliwonse ndi Asilamu, amaona mizikiti mbali zonse n'kuyesa kuti dziko lonse lili choncho. Akuyesa usipa wa nyanja yonse ndi chitini cha padooko lake. Akadzayenda ku Mzimba, ku Dowa kapena ku Nsanje adzaona zina. Tikafuna kutsutsa chiwerengero cha boma, tibwere ndi umboni: mudzi wakuti, nyumba zakuti sizidafikiridwe. Kukuza nambala popanda umboni ndi bodza, ngakhale bodzalo litakometsera chipembedzo chathu, ndipo ufulu wathu m'dziko muno sudalira kuti tikhale ambiri kuposa mmene tilili.

Kodi zonsezi zikukhudzana bwanji ndi voti? Gawo 76 la Malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa bungwe la MEC ntchito yodula malire a madera a aphungu, ndipo limati maderawo akhale ndi anthu oyenera kuvota ofanana momwe kungathekere, poganiziranso kuthithikana kwa anthu, mayendedwe ndi mmene malo alili. Aphungu adali 177 mu 1994, nakhala 193 kuyambira mu 1999. Kuchokera pamenepo padapita zaka zoposa makumi awiri chiwerengero cha madera chili chomwecho, pamene Lilongwe adawirikiza kawiri ndi kupitirira. Voti ya munthu wa m'dera lodzaza idayamba kupepuka poyerekeza ndi ya mnzake wa m'dera la anthu ochepa. Malire ataunikidwanso, Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2022 kuti madera a aphungu akhale 229 ndipo a makhansala akhale 509 kuchoka pa 462. Maziko a kugawa kumeneku adali ziwerengero zochokera ku Zomba. Mlovi amene sadalembedwe mu 2018 adachepetsa kulemera kwa boma lake pa sikelo imeneyo. Ndipo popeza ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu zimaperekedwa mofanana ku dera lililonse, dera lodzaza anthu limagawana mtanda womwewo pakati pa pakamwa pambiri.

Nambala ina yofunika kuisinkhasinkha ndi iyi. Poyerekeza kuchokera pa kalembera wa 2018, ofesi ya ku Zomba idati pofika chisankho cha 2025 oyenera kuvota adzakhala pafupifupi 10.9 miliyoni. Amene adalembetsa m'kaundula wa MEC adali pafupifupi 7.2 miliyoni. Mpata wa anthu oposa mamiliyoni atatu ndi theka si waung'ono. Ena mwa iwo adavutika kupeza chiphaso cha unzika, ena adali kunja kwa dziko kumene sakadatha kuvotera, ena adangotaya mtima ndi ndale, ndipo n'kuthekanso kuti kuyerekezako kudakwererako. Koma pa tsiku la chisankho 10.9 miliyoni sadawerengedwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wopikisana akakuuzani kuti m'dera lino muli anthu 100,000 choncho wapambana kale, mufunseni kuti mwa iwo ana ndi angati, ndipo olembetsa ndi angati.

Mabuku a mbiri ya Chisilamu amasimba za Khalifa Umar, Allah asangalale naye, amene adakhazikitsa diwani, kaundula wa anthu olandira gawo kuchokera mosungira chuma cha Asilamu. Poyamba mwana ankalowa m'kaundulamo akaleka kuyamwa. Usiku wina Umar adamva khanda likulira osatonthola, ndipo atafunsa adapeza kuti mayi wake akulikakamiza kuleka bere nthawi isanakwane, kuti lilembedwe msanga. Kutacha adasintha lamulo, nati mwana aliyense azilembedwa akangobadwa. Mtsogoleri uja adapeza cholakwa cha kaundula wake chifukwa adayenda usiku pakati pa anthu, ndipo atachipeza sadaimbe mlandu mayiyo. Amene akufuna ukhansala ndi uphungu kuno tiwafunse ngati akudziwa misasa ya asodzi ya m'dera lawo ndi mayina ake, ngati akudziwa ana olembetsa pa sukulu ya pafupi ndi chiwerengero cha zipinda zophunziriramo, ndi chimene adzachite kuti kalembera wotsatira apatsidwe ndalama zokwanira pa nthawi yake. Amene adapambana mu 2025 ndiwo adzakhale m'mipando kalembera ameneyo akamadzachitika, pakuti akuyembekezeka mu 2028.

Ifenso tili ndi mbali yathu, ndipo ndikupempha makomiti a mizikiti kuti aisunge. Nthawiyo ikadzafika, ilengezedwe pa Ijumaa milungu ingapo isanakwane. Achinyamata athu ophunzira, anyamata ndi atsikana omwe, akafunsire ntchito ya ulembi, kuti pakhale olemba odziwa Chiyao ndi odziwa njira za kumadooko. Pakhomo pamene mayi ali yekha, mayi mnzake wa dawa akakhale naye pofunsidwa. Eni zilimila ndi mafumu a m'magombe agwirizane ndi olemba za ola limene alovi amapezeka. Ndipo wolemba akafika panyumba panu, mutchulireni onse: amene adagona m'nyumbamo, amene amakhalamo koma achokapo, mlendo, wantchito, ndi khanda la dzulo. Iye ndiye adziwe powaika. Akapanda kufika mpaka masiku a kalembera atatsala pang'ono kutha, musadikire. Kauzeni amfumu kuti akamuitane.